Mutu 11: Dzimbiri, Tupa ndi Minyanga

Mu 1997 nyumba ya malamulo ya ku Britain inaletsa anthu wamba kukhala ndi mfuti zing'onozing'ono za m'manja. Chinautsa lamuloli ndi zimene zinachitika pa 13 March 1996 m'tauni ya Dunblane ku Scotland, pamene munthu wina analowa pasukulu ya pulayimale n'kupha ana 16 ndi mphunzitsi wawo. Mfuti zake zinali za chilolezo. Lamulo litadutsa, anthu masauzande ambirimbiri anakatula mfuti zawo kupolisi, boma n'kuwalipira. Koma m'lamulo lomwelo muli gawo 7, limene ambiri salidziwa. Gawoli limalola kuti mfuti ina isawonongedwe ngati ili yosowa kwambiri, ngati ili ndi mbiri yofunika, ngati kapangidwe kake kali kapadera, kapena ngati ili yokongola. Mwini wake sapita nayo kunyumba. Imasungidwa pamalo ovomerezedwa ndi boma, monga ku Bisley, ndipo akaifuna amaitsatira komweko.

Tangoganizani. Dziko lonse lili pamaliro a ana, aphungu ali ndi mkwiyo, komabe polemba lamulo anasiya kampata ka mfuti yokongola. Ndiponso mfuti zimene wakupha uja ananyamula, za Browning Hi-Power ndi za Smith & Wesson, ndi za mitundu yomweyo imene okonda mfuti zakale amaitamanda m'mabuku awo. Choncho nkhaniyi si yoikamba mosekerera. Komabe ndi nkhani yeniyeni ya luso la manja, ndipo imatisonyeza mmene ntchito ya amisiri a zitsulo inasinthira kuchokera m'ma 1850 kufika lero.

Mfuti za m'manja zili m'magulu awiri. Pali volovolo, yokhala ndi silinda ya zibowo 5 kapena 6 imene imazungulira kubweretsa chipolopolo china kumbuyo kwa mpope. Palinso pistol, imene zipolopolo zake zimakhala m'magazini yolowera m'chigwiriro. Ikawomba, mphamvu yomweyo ndiyo imalavula khoko lopanda kanthu n'kukankhira chipolopolo chatsopano m'malo mwake.

Mukafunsa wapolisi kapena msilikali wa lero kuti mfuti yabwino ndi iti, adzakuuzani za kuchuluka kwa zipolopolo, kupepuka, ndi kusakanirira ikalowa fumbi. Adzafunanso pomangirira tochi kunsi kwa mpope ndi kagalasi ka kadontho kofiira kolozera. Glock 17 ya ku Austria imanyamula zipolopolo 17, imalemera magalamu pafupifupi 700, thupi lake ndi la pulasitiki, ndipo siopa mvula. Colt Python ya ku America, ya mpope wa mainchesi 6, imanyamula 6 zokha, imalemera kuposa makilogalamu 1.2, ndipo mukaigwira ndi dzanja la thukuta n'kuisunga osapukuta, chidindo cha chala chanu chimadzadya chitsulo. Pa ntchito palibe chokanganirana, Glock ndiyo ili patsogolo. Komatu Python yakale yosungidwa bwino imagulidwa ndi ndalama zokwanira ma Glock angapo, ndipo woigulayo kawirikawiri alibe cholinga choyenda nayo m'chiuno.

Nanga akugula chiyani? Yankho lachangu n'lakuti akugula zokongoletsa. Si choncho kwenikweni. Zambiri zimene lero timazitcha kukongola pa mfuti yakale zinayamba ngati mankhwala a mavuto amene amisiri a nthawiyo ankalimbana nawo. Chitsulo chinkachita dzimbiri, chinali chofewa, ndipo makina sankadula zinthu mofanana ndendende. Mavutowo atatha, kukongolako kunapita nawo limodzi.

Mtundu umene si penti

Mfuti yakale yosamalidwa imaoneka yakuda bii, koma mukaitembenuza padzuwa mumaona buluu wozama kunsi kwa kudako. Si penti ameneyo. Ndi dzimbiri. Dzimbiri lili pawiri: pali lofiira lija limafufuma n'kumasuka, kudya chitsulo mpaka kuchiboola, ndipo pali lakuda, limene akatswiri amalitcha magnetite, lomwe limamatirira osasuntha. Amisiri anatulukira kuti lofiira likhoza kusandulika lakuda. Ankapaka chitsulo madzi a asidi n'kuchiika m'kabati ya chinyezi kuti chichite dzimbiri mwadala. Likatuluka, ankachiwiritsa m'madzi oyera, kufiira kuja n'kuda, kenaka n'kukwecha ndi bulashi ya mawaya ofewa kuchotsa fumbi lapamwamba. Ankabwereza kangapo konse, kwa masiku ndithu, mpaka mtundu utakhwima. Pomaliza ankathira mafuta, chifukwa khungu lakudalo palokha silitchinjiriza kwambiri. Ubwino wake ndi wakuti limagwira mafuta, mafutawo n'kutsekereza chinyezi.

Tizitsulo ting'onoting'ono ankatichita mwina. Chitsulo chosalala chikatenthedwa chimasintha mtundu motsatira kutentha: cha m'ma 230°C chimachita chikasu, cha m'ma 300°C chimachita buluu wowala. Amene anayang'anitsitsapo paipi ya utsi ya njinga yamoto ya kabaza anaiona kale mitundu imeneyi. Kwa wosula, mtundu ndiwo unali muyeso womuuza kuti chitsulo chafika pa kulimba koyenera, achichotse pamoto. Pa mfuti za Luger zakale, chokhethemulira ndi tizitsulo tina ta m'mbali ndi tachikasu chonchi, tikuwala pathupi lakuda. Mu 1937 fakitale ya Mauser, imene panthawiyo ndiyo inkapanga Luger zambiri, inasiya zonsezi n'kuyamba kunyika zitsulo mumphika wa mchere wowira. Ntchito ya masiku inasanduka ya mphindi. Chikasu chija chinazimirira chaka chomwecho, ndipo wodziwa amatha kusiyanitsa Luger ya nyengo izi ziwiri ali chapatali.

Mchere wowira sunali wonyansa pawokha. Python itatuluka mu 1955 pa mtengo wa madola 125, mtundu wake wotchuka wa Royal Blue unkachokera mumphika ngati wa anzake. Chinsinsi chinali pa zimene zinkachitika chitsulo chisanafike mumphikamo. Opolisha okhwima pantchito ndiwo ankaigwira, kuidutsitsa pa mawilo achikopa kuyambira mchenga wokhakhala mpaka wofewetsetsa. Ntchitoyi ndi yosavuta kuiwononga. Ukakanikiza mopitirira pang'ono, ngodya zimabulungira, zilembo zimafufutika, ndipo malo oyenera kukhala athyathyathya amachita mafunde. N'chifukwa chake wodziwa mfuti akatenga Python sayamba wagoma ndi kunyezimira. Amayamba waona ngati ngodya zake zili chikhalire zakuthwa. Tinene poyera kuti pofika pa Python kukongola kunali kutasanduka kale malonda. Kunyezimira kotero sikuthandiza kuwomba, ndipo mawindo amene ali pamsana pa mpope wake ntchito yawo yaikulu ndi kukopa maso.

Vuto la kufewa kwa chitsulo ndilo linabala mitundu yodabwitsa koposa. Colt Single Action Army ya 1873, ija ya m'mafilimu a kauboyi, thupi lake ndi lamawangamawanga: buluu, chikasu, bulauni ndi phulusa zolowanalowana. Chitsulo cha thupilo chinali chochepa kaboni, chosachedwa kudyeka. Ndiye ankachiika m'bokosi lachitsulo, kuchikwirira ndi makala a mafupa osakaniza ndi makala a nkhuni, n'kutseka. Bokosilo linkakhala m'ng'anjo mpaka kufiira psuu, kaboni wa m'makala n'kumalowa pakhungu la chitsulo. Kenaka ankakhuthulira zonse m'madzi ozizira nthawi imodzi. Kunja kunkauma gwa, m'kati n'kukhalabe mofewa, moti chitsulocho sichidyeka msanga komanso sichisweka. Mitundu ija inkangobwera yokha. Palibe mmisiri akanalamula kuti apa pakhale buluu, apo chikasu, ndipo palibe mfuti ziwiri zinatuluka zofanana. Mitunduyo ndi yopyapyala kwambiri. Kukhuzana ndi chikwama ndi kupita kwa zaka zimaifufuta, kulimba kokha n'kutsala. Lero chitsulo chimachoka kong'anjo chili cholimba kale, ndipo amene akuphikabe mfuti m'makala a mafupa akufuna mitundu basi.

Ntchito ya tupa

Makina a m'zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1900 ankadula bwino ndithu, koma osafika pa mlingo umene volovolo imafuna. Silinda iyenera kuima pamene chibowo chake chayang'anizana ndi mpope bwinobwino. Ikaphonya ndi kachigawo ka milimita, chipolopolo chimasenga m'mphepete n'kumwaza tizidutswa ta mtovu m'mbali, kumene kuli dzanja la mwini wake kapena nkhope ya mnzake. Choncho zigawo zina ankazidula zokulirapo dala n'kuzipereka kwa mmisiri wolumikiza. Iye ankadetsa kachitsulo ndi mwaye wa nyali, n'kukalowetsa, n'kukatulutsa: pamene mwaye wachoka ndiye pamene pakukhuza. Apa tupa pang'ono, apo mwala wonolera, n'kuyesanso, mpaka kachitsuloko katakhala ngati kanabadwira momwemo. Kufewa kwa chokhethemulira kumene okonda mfuti amakutamanda, kuja chala chimakoka osamva kukhakhala kulikonse, kunkachokera pa benchi ya munthu ameneyu. Dzina lake simudzalipeza pamfutipo. Mwina kachilembo kamodzi kapena nambala, zobisika kunsi kwa chigwiriro.

Luger ndiyo imaonetsa zimenezi poyera. Mukaiphwasula mudzapeza manambala awiri omaliza a nambala ya mfutiyo atadindidwa pa tizigawo tambiri, ngakhale tating'ono kwambiri. Sanachite zimenezo pofuna kusangalatsa osonkhanitsa mfuti a zaka 100 zam'tsogolo. Ankafuna kuti zigawo zikapita kokadetsedwa zibwerere ku mfuti yake, ndiponso kuti asilikali potsuka mfuti pamodzi asazisokoneze, poti kachitsulo kosemedwera mfuti iyi sikankakhala bwino mu inzake. Lero Luger ya manambala ofanana ponseponse, mpaka pa magazini, imadula kutalitali kuposa yosakaniza.

Georg Luger, wa ku Austria, anatenga mfuti yaikulu yovuta kugwira imene Hugo Borchardt anapanga mu 1893, n'kuifupikitsa, n'kupendeketsa chigwiriro moti munthu akatambasula mkono mpope umangoloza wokha kumene akuyang'ana. Asilikali a Switzerland anaitenga mu 1900, ankhondo a pamadzi a Germany mu 1904, a pamtunda mu 1908. Pamsana pake pali zitsulo ziwiri zolumikizana pakati, zimene mfuti ikawomba zimapindika n'kudumphira m'mwamba, kenaka n'kuwongokanso. N'zosangalatsa kuonera, koma mfuti zotsatira sizinatengere njirayi. Zigawo zake zinali zothinana kwambiri moti mchenga wochepa unkatha kuiimitsa, inkasankha zipolopolo, ndipo kuisema kuchokera ku chitsulo chathunthu kunkadya maola ambiri. Germany inasankha Walther P38, yosavuta kupanga ndi yotsika mtengo, ndipo mu 1942 Mauser inasiya Luger. Chimene chinapulumuka ndi chipolopolo chake cha mamilimita 9, chomwe Glock 17 ikuwombabe lero.

Nkhani ya Triple Lock ndi yofanana, koma ili ndi kake kosekesa. Mu 1908 kampani ya Smith & Wesson ya ku Springfield, Massachusetts, inatulutsa volovolo yaikulu imene silinda yake inkatsekedwa m'malo atatu, pamene zinzake zimatseka pawiri. Kuti maloko atatu onsewo agwire nthawi imodzi pankafunika dzanja la katswiri. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, Britain inapezeka kuti ilibe mfuti zake za Webley zokwanira, n'kuitanitsa za Smith & Wesson. Akuluakulu a nkhondo anadandaula kuti matope a m'maenje a ku France adzadzaza m'chophimba cha kunsi kwa mpope, silinda n'kukana kutseka. Mu 1915 kampaniyo inachotsa chophimbacho pamodzi ndi loko wachitatu. Mtengo unatsika, ndipo mfuti inkawomba chimodzimodzi. Mpaka lero ambiri amati Triple Lock ndiyo volovolo yopangidwa mwaluso koposa imene kampaniyo inatulutsapo, ndipo chimene amachitamanda kwambiri ndi loko wachitatu uja amene zinapezeka kuti sankafunika.

Kampani yomweyo mu 1935, chuma cha America chili pansi, inayamba kugulitsa .357 Magnum pa madola 60. Wogula ankasankha yekha kutalika kwa mpope, pakati pa mainchesi 3.5 ndi 8.75, mtundu wa zolozera, ndi mtunda umene mfutiyo iyesedwere. Iliyonse inali ndi nambala yake ya kaundula ndi satifiketi ya dzina la mwini. Eni kampani ankayesa kuti ogula adzakhala ochepa. Oda zinachuluka mpaka mu 1939 anasiya zolembetsazo, zitatuluka pafupifupi 5,500.

Ku America komweko kunali maganizo ena, akuti chigawo cha mfuti iyi chizilowa mu ina iliyonse popanda tupa. Mfuti ya John Moses Browning wa ku Ogden, Utah, inawomba zipolopolo 6,000 pa mayeso a boma osakanirira ngakhale kamodzi, ikatentha n'kumainyika m'madzi. Asilikali anaitenga pa 29 March 1911 n'kukhala nayo mpaka 1985. Zoyambirira zinali zabuluu wonyezimira, zigwiriro zake za mtengo wa walnut. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zinasanduka zotuwa, zokhakhala, zigwiriro za pulasitiki, ndipo amene anapanga zambiri sanali Colt koma Remington Rand, kampani ya mataipilaita, imene inatulutsa pafupifupi 900,000. Nayo Singer, yomwe makina ake osokera amalira pamakonde a matelala kwathu kuno, inapatsidwa oda yoyesera ya mfuti 500. Zinatuluka zabwino kwambiri moti boma linaona kuti amisiri otere angowonongeka pa ntchitoyi, n'kuwapatsa yopanga zida zolozera mizinga. Imodzi mwa 500 zimenezo inagulidwa pa okushoni mu 2017 ndi madola oposa 400,000. Ilibe golide, ilibe duwa lozokota ngakhale limodzi.

Golide ndi minyanga

Zozokota ndi nkhani ina, ndipo chiyambi chake pa mfuti za kufakitale ndi malonda. Samuel Colt, wobadwira ku Hartford m'chigawo cha Connecticut mu 1814, sanali wosula zitsulo kwenikweni. Anali munthu wodziwa kutsatsa. Kampani yake yoyamba ya ku Paterson inagwa mu 1842, ndipo anadzukanso mu 1847 ndi oda ya boma ya volovolo zazikulu za Walker. Pa silinda ya Colt Navy ya 1851 pali chithunzi cha zombo zikumenyana, nkhondo ya ku Campeche ya 1843. Anachizokota ndi Waterman Ormsby, katswiri wa zithunzi za pa ndalama zamapepala, ndipo sanachizokote pa mfuti iliyonse ayi: anachisema kamodzi pa chidindo chachitsulo, chidindocho n'kumagudubuzidwa pa silinda iliyonse. Chinkakongoletsa, inde, komanso chinkavutitsa opanga zachinyengo, monga momwe zithunzi za pa ndalama zimachitira.

Zozokota ndi manja ankazisungira anthu amene akanatha kubweretsa oda. Mu 1854, nkhondo ya ku Crimea ili m'kati, Colt anapatsa mfumu ya Russia, Nicholas I, volovolo zitatu zoyalidwa golide, uku fakitale yake ya ku London ikugulitsa mfuti kwa adani a mfumuyo. Mphatsozo zili ku Hermitage mu St Petersburg, ndipo inzake ya imodzi mwa izo ili ku Metropolitan Museum of Art ku New York. Ntchito yake amati ndi ya Gustave Young, Mjeremani amene anazokotera Colt kwa zaka zambiri asanapite ku Smith & Wesson. Zida za mmisiri wotere n'zochepa: kanyundo, matchizulo ang'onoang'ono, ndi galasi lokulitsira. Poyala golide amasema kamsewu m'chitsulo, kotambalala kunsi kopanikiza kumwamba, n'kukhomeramo waya wagolide. Golide pokhala wofewa amafalikira m'kati n'kulephera kutulukanso. Sipalowa guluu kapena moto. Tchizulo ikaterereka kamodzi, palibe chofufutira.

Luso limeneli palibe angalinyoze. Komabe ine ndikaika Triple Lock yosazokota pambali pa volovolo zija kampani ya Tiffany inkazikuta ndi siliva m'ma 1880 ndi 1890, maso anga amabwerera ku yosazokotayo. Za Tiffany ndi zodzikongoletsera zimene mwangozi zili ndi mpope. Zigwiriro zake zina n'zosagwirika bwino n'komwe. Pa Triple Lock palibe pobisala. Mzere wa pamene mkono wa silinda umakumana ndi thupi ndi wopyapyala moti muyenera kuufunafuna, ndipo mzere umenewo sangaunamize ndi maluwa.

Chigwiriro cha mfuti ya bwana wamkulu chinkakhala cha minyanga ya njovu. George Patton, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a America pa nkhondo yachiwiri, ankadziwika ndi Colt yake yozokota imene anagula mu 1916, ya chigwiriro cha minyanga cholembedwa zilembo za dzina lake. Minyanga imakalamba bwino: imachita chikasu, n'kutuluka timing'alu tosaoneka msanga, ndipo osonkhanitsa amakonda zimenezo. Koma owerenga a kuno ayenera kukumbukira kumene minyanga ya m'zaka za m'ma 1800 inkachokera. Amalonda a Chiyao, a Chibisa ndi a Chiswahili ankaisonkhanitsa m'madera ozungulira nyanja ya Malawi ndi m'chigwa cha Luangwa. Ina inkaoloka nyanja pa zombo za a Jumbe ku Nkhotakota n'kuyenda pamapewa a anthu mpaka ku Kilwa, kenaka Zanzibar, kumene sitima za ku America, Ulaya ndi India zinkaidikirira. M'maulendo omwewo munkayendanso akapolo. Malipiro anali nsalu, mikanda, onga ndi mfuti, osati zoyalidwa golide zija, koma magogodela otsika mtengo amene ankaphera njovu zina ndi kugwirira anthu ena. M'chigwa cha mtsinje wa Connecticut, kumunsi kwa fakitale ya Colt, matauni a Deep River ndi Ivoryton ankadula gawo lalikulu la minyanga yolowa m'America kukhala zipeso ndi makiyi a piyano. Zigwiriro za mfuti zinkatenga kagawo kochepa chabe, koma msika wake unali womwewo. Mu 1989 mayiko a m'pangano la CITES analetsa malonda a minyanga a pakati pa mayiko, ndipo lero mfuti ya chigwiriro chotere ndi yovuta kuidutsitsa pamalire movomerezeka.

Pamsika

Mitengo ya pa okushoni imaulula kuti maso si okhawo amagula. Colt Walker zinapangidwa 1,100 zokha, ndipo zambiri zinatha pankhondo, zina silinda zitaphulika chifukwa cha onga wochuluka. Imodzi yosungidwa m'bokosi lake inagulidwa madola 1.84 miliyoni mu 2018. Apa tinganene kuti ndi kusowa. Koma mu 2021 kampani ya okushoni ya Bonhams inagulitsa Colt Single Action Army ina pa madola oposa 6 miliyoni. Ndi mfuti wamba, yosazokota, yofanana ndi zinzake masauzande. Chinaikweza mtengo n'chakuti ndiyo imene Pat Garrett anawombera Billy the Kid ku Fort Sumner mu 1881. Wogulayo sanalipirire opolisha kapena wa tupa. Analipirira imfa ya munthu wotchuka.

Msikawu uli ndi malamulo ake osokoneza mutu. Mfuti yakale yosuluka mukaipititsa kwa mmisiri kuti aipolishe n'kuidetsanso, imabwera ikunyezimira kuposa kale, koma mtengo wake umagwa kwambiri, chifukwa khungu limene fakitale inaika lachoka ndipo ngodya zabulungira. Yosuluka koma yosakhudzidwa ndiyo imafunidwa. Pamwamba pa zonse pali imene sinawombedwepo, ili m'bokosi lake ndi mapepala ake. Pa volovolo, kungozungulitsa silinda kumasiya kamzere kozungulira pa buluu, ndiye eni ake ena salola ngakhale kukoka kanyundo ka mfutiyo. Zotsatira zake n'zakuti mfuti imene mmisiri anavutikira kuti chokhethemulira chake chifewe, mwini wake sadzamvapo kufewako, poopa kutaya ndalama.

Gaston Glock anali asanapangepo mfuti kufikira cha m'ma 1980. Fakitale yake pafupi ndi Vienna inkapanga zitsulo zokolekera makatani, mipeni ya asilikali ndi zina za pulasitiki. Kusadziwa miyambo ya ntchitoyi kunamuthandiza, poti analibe choti aiteteze. Mu 1982 mfuti yake inapambana mayeso a asilikali a Austria. Ili ndi zigawo zosapitirira 35, ndipo chilichonse chimangolowa m'malo mwake popanda tupa. Zitsulo zake zimaumitsidwa pamwamba ndi mankhwala a nayitulojeni, njira imodzi yogwira ntchito imene kale inkafuna kabati ya chinyezi ndi makala a mafupa, ndipo imaigwira bwino kuposa zonsezo. Chimene chimatuluka ndi chakuda chosawala, chofanana pa mfuti iliyonse.

Ku Hartford zinthu zinayenda mwina. Antchito a Colt ananyanyala ntchito kuyambira 1986 mpaka 1990, apolisi a ku America n'kumasiya volovolo kutenga ma pistol, ndipo mu 1992 kampaniyo inakapempha khoti kuti liiteteze kwa angongole. Python inachoka pa mndandanda wa malonda a masiku onse mu 1999, zomaliza n'kutuluka mu 2005. Mu 2020 inabwereranso, ya chitsulo chosachita dzimbiri, yodulidwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ya zigawo zochepa m'kati ndi thupi lolimba kuposa lakale. Chaka chotsatira Colt inagulidwa ndi kampani ya CZ ya ku Czech Republic. Python yatsopanoyo imawomba bwino ndipo ikugulidwa, koma sinathetse msika wa yakale. Mu yakale muli kachitsulo kamene kamakankha silinda n'kuipanikiza zolimba pa nthawi yeniyeni yowomba. Ndiko kamachititsa kuti silinda isagwedere ngakhale pang'ono, ndipo ndiko kamayamba kudyeka. Kakadyeka simungangogula kena n'kulowetsa. Katsopano kamabwera kokulirapo, kofuna kusemedwa kuti kagwirizane ndi silinda ya mfuti imeneyo yokha, ndipo amisiri odziwa kusema kachitsulo kameneka atsala owerengeka ngakhale ku America komweko.